Khoma Loyandikira Mpanda

Nasingano anali akufinya bulangete la amayi ake kuseri kwa nyumba pamene mng'ono wake anasuzumira pa mpanda wa waya, akadali mu yunifolomu yake ya unamwino.

"Achemwali, mwadzuka bwanji? Ndati ndikuuzeni ndisanakagone. Malata abwera dzulo. Mwezi uno usanathe amayi alowa m'chipinda chawo."

"Chipinda chawo chiti?"

"Chikumangidwachi. Kodi sanakuuzeni?"

Bulangete linapulumuka m'manja n'kugwera m'beseni, madzi a sopo n'kumuthovukira pa siketi. Nasingano anayang'ana khoma la njerwa zofiira lomwe linali litakwera kale kupitirira mutu wa munthu, chapafupi ndi mpanda.

"Ine ndimayesa ndi mosungira katundu wa alamu."

"Ayi, n'cha amayi. Muli bafa ndi chimbudzi chokhalira mkati momwemo, ndi zitsulo zogwirira kukhoma. Simudzavutikanso ndi kuwanyamula."

"Ndinakudandaulira kuti ndikuvutika?"

"Simunadandaule, achemwali."

"Nanga?"

Mng'ono wakeyo, Mzime, anayang'ana pansi. Dzina limeneli anamupatsa ndi amayi awo chifukwa anali womaliza kubadwa, ndipo ngakhale tsopano anali mayi wa nyumba yake, wolemekezeka kuchipatala, pamaso pa mkulu wake ankangozyolika ngati mwana amene waswa kapu.

Amayi anali pakhonde, pa mpando wawo wa ndalema, ndodo ili pamiyendo. Chiwagwireni matenda a sitiroko, mwendo wakumanzere unkangokhwekhwereza, koma pakamwa panalibe chilema.

"Amayi, nkhaniyi mumaidziwa?"

"Ndimaidziwa."

"Bwanji osandiuza?"

"Chifukwa cha nkhope imeneyo. Tadziyang'ana m'madzimo, uone ngati ndi nkhope youza nkhani."

Mzime anafuna kuseka koma anadzigwira pakamwa. Nasingano anatola bulangete lija n'kulifinya mpaka zala zinayera.

Madzulo amuna ake, omwe ankakonza njinga pamsika, anamupeza ali pa makina osokera koma sakusoka. Makinawo ankakhala pazenera la chipinda chomwe amayi ankagonamo, pakati pa bedi ndi mulu wa nsalu za anthu. Dzina loti Nasingano linachokera pa makina omwewo.

"Kwagwanji, mayi? Mwakhala ngati mwameza singano."

"Amayi akusamuka. Akupita kwa anthu a matailosi."

"Ndamva. Alamu anandiuza pamsika."

"Inunso mumadziwa? Ndiye kuti mbuli pano ndine ndekha. Wochapa zofunda ndine, wowasambitsa ndine, wowatembenuza pabedi ndine. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndinavomera. Lero poti kwabwera chimbudzi chokhalira, mwana weniweni wapezeka."

"Akungodumpha mpanda, mayi. Sakuwoloka nyanja."

"Musandiseke, bambo. Ife titafuna kuwamangira chipinda kuseri kuno, a khonsolo anati chiyani? Anati malo achepa, pakati pa khoma ndi malire pazikhala mpata woti anthu adutse moto utabuka, madzi a padenga azigwera kwanu komwe. Pulani yathu anatibwezera. Tsono taonani khoma lawolo. Pamenepo pangadutse munthu? Ngakhale galu adutsa chammbali. Lamulo ndi la ife osauka basi?"

Amuna ake anasamba m'manja pang'onopang'ono, kuchotsa girisi chala chimodzichimodzi.

"Chikukuwawani ndi khoma, kapena china?"

"Ndi khoma."

"Chabwino. Ngati ndi khoma, kayankhuleni ndi mng'ono wanu. Pakamwa muli napo, iyenso makutu ali nawo."

Nasingano sanapite kukayankhula naye. Masiku otsatirawo khoma linakwera, ndipo kuwala kwa pazenera la makina kunayamba kuchepa, moti dzuwa likangopendeka ulusi unkavuta kulowetsa. Mmisiri amene ankamanga, bambo wamfupi wa imvi za simenti m'tsitsi, ankati akaona zovala zili pachingwe, ankayamba wafuula kuti, "Amayi, anulani kaye, ndikufuna kuthira mchenga!" Matope akagwera mbali ya kuno ankazungulira yekha kudzawakokola. Tsiku lina Mzime anabwera ndi nyale ya magetsi yopindika khosi.

"Achemwali, ndaona kuti khoma lakutchingirani. Muziyatsa iyi posoka."

"Zikomo, adona. Mwatilanda dzuwa, mwatipatsa babu."

Nyaleyo anaiika pansi pa bedi osaitulutsa m'katoni.

Chimene chinkamupweteka kwambiri chinali amayi. M'mawa uliwonse akangomwa tiyi ankati, "Ndipatse ndodo, ndikayendere ntchito yanga." Munthu amene ankakana kuyenda mpaka pachipata ankati akamva fungo la simenti, mwendo unkapepuka. Pobwera nkhani inali yomweyo: zenera lake kukula, chitseko chake kusalala, mpopi wa madzi otentha.

"Akuti ukangopotokola, madzi otentha waa! Osasonkha moto."

"Kuno mumasamba ozizira?"

"Ndanena zimenezo?"

"Simunanene. Koma chatsopano chimakoma, amayi. Ife takhala nsanza."

"Iwe Chisamba, mwana wanga woyamba, unabadwa ndi ndulu yaikulu. Bambo ako ankanena."

Nasingano anali munthu wopemphera. Asanagone ankagwada pambali pa bedi n'kutchula a m'banja onse mmodzimmodzi. Masiku amenewo ankati akafika pa Mzime, lilime linkalemera, n'kulumphira kwa ana.

Lachiwiri lina anapita kukapereka mayunifolomu pasukulu ina m'tauni. Pobwerera miyendo inamutengera ku maofesi a khonsolo. Anadziuza kuti akungokafunsa. Anakhala pa benchi m'khonde lalitali lonunkha polishi, kenaka anamulowetsa m'chipinda momwe munali mapulani okulungidwa, omangidwa ndi mphira, ataunjikana mpaka pawindo. Bambo wa magalasi anamumvetsera akutembenuza pensulo m'manja.

"Mukuti khoma lafika pa mpanda?"

"Latsala pang'ono kuukhudza."

"Eni ake munayankhula nawo?"

"Ndi anthu ovuta," anatero Nasingano.

"Ndi achibale?"

"Ndi oyandikana nawo chabe. Koma chonde, asadziwe kuti ndabwera ndine."

"Ife sititchula munthu, mayi. Timangobwera ndi tepi."

Potuluka anapeza kamvula kakuwaza, koyamba chaka chimenecho. Mayi wina wosamudziwa anamufunditsa ambulera mpaka pokwerera basi. Nasingano anathokoza osamuyang'ana kumaso.

A khonsolo anabwera sabata yotsatira, mmisiri atayamba kukweza mitengo ya denga. Galimoto yoyera inaima pachipata cha Mzime, ndipo anthu a mumsewumo anayamba kupeza zifukwa zodutsira pamenepo. Nasingano anaonera pazenera la makina, katani atamutsegula pang'ono. Bambo wa magalasi uja anatambasula pulani pa bonati ya galimoto, n'kukoka tepi kuchokera pa mwala wa malire mpaka pakhoma. Anapukusa mutu n'kuyezanso.

"Chilolezo muli nacho, pulani ndi yabwinobwino," anauza alamu, amuna a Mzime, omwe anali atangofika kumene ndi thiraki kuchokera ku ulendo. "Koma zimene zili papepala si zimene zili pansi. Pulani ikuti khoma likhale uko. Inu mwalimanga kuno. Mwadya mpata wonse."

"Bwana, tingakambirane."

"Palibe chokambirana. Moto utabuka mbali imodzi, nyumba zonse ziwiri zapita. Khomali ligwe, mubwerere pamene pali pa pulani. Mukapanda kugwetsa nokha, tibwera ndi anthu athu."

"Mapaipi onse a bafa ali mbali imeneyo, bwana. Ndiye kuti tikumbenso maziko. Mvula ndi iyi yayambayi."

Bamboyo anatenga chitini cha penti n'kulemba mtanda waukulu wofiira pakhomapo, moyang'anana ndi zenera la Nasingano.

Apa tisabise, mtima wa Nasingano unazizira ngati wamwa madzi a mumtsuko. Anakhala pa makina n'kusoka diresi lonse osadzuka, akuimba chamumtima. Madzulo anawaphikira amayi tiyi wa mkaka wambiri. Amayi sanamwe.

Mawa lake kunja kunali phokoso. Alamu anali atamuimika mmisiri pakati pa bwalo, ndipo mawu awo ankamveka mpaka kumsewu.

"Pulani ndinakupatsa m'manja! Kuwerenga sudziwa? Zaka zonsezi ukumanga nyumba za anthu ndi maso otseka? Longedza zipangizo zako. Ndipo ndiuza aliyense m'dera lino, sudzagwiranso njerwa ya munthu!"

Mmisiri anangogwira chipewa m'manja, maso ali pansi.

"Yankha! Zikhomo unakhoma pati?"

"Ndinakhoma pamene pali pa pulani, bwana."

"Ndiye zinayenda zokha usiku?"

"Chisamba, ndigwire mkono," anatero amayi pakhonde. "Tiye uko."

Nasingano anawagwira, n'kuzungulira nawo pachipata pang'onopang'ono. Atafika, amayi anagogoda pansi ndi ndodo.

"Apongozi, musiyeni munthuyo. Zikhomo ndinasunthitsa ndine."

Onse anatembenukira kwa amayi.

"Inu munali ku ulendo, Mzime anali kuchipatala. Ndinabwera ndinapeza mmisiriyu wakoka chingwe kutali uko. Ndinati, mwana wanga, sendeza kuno. Anakana. Anati agogo, lamulo silitero. Ndinati kodi anakubala ndi lamulo? Ndinabwera mawa lake, ndi mkuja wake, mpaka ndinamulirira misozi. Anazula zikhomo chifukwa cha ulemu. Mlandu wake ndi umenewo."

"Amayi!" Mzime anagwira m'mutu. "Chifukwa chiyani?"

"Ndimafuna zenera langa lipenyane ndi zenera la makina." Amayi ananena osatembenukira kwa Nasingano, ngakhale anali atatsamira pa mkono wake. "Ine masana sindigona popanda phokoso la makina a uyu. Likasiya ndimadzidzimuka. Ndiye ndinati ndikakhala uko, ndikaitana adzamva? Mawu anga ndi awa atha. Koma apa ndikanangoti Chisamba, iye n'kuti wee, osadzuka n'komwe pampando. Ndinayesanso ndi ndodo. Dzanja lina kukhoma, lina ku mpanda, ndikanafika pakhomo pake ndekha popanda wondigwira."

"Ngati simumafuna kutalikirana nawo, bwenzi mutangonena kuti simusamuka," anatero alamu, mawu atatsika.

"Msana wake watha, apongozi. Akandinyamula kupita nane kubafa ndimamva mafupa akulira. Akagona amabuula, amayesa ine ndili m'tulo. Mumuuze kuti apume, avomera ameneyu? Ndinati ndichoke pamsana pake, koma ndisachoke pamaso pake. Ndi nzeru za nkhalamba, zagwetsa nyumba."

Mzime anayamba kulira. Mmisiri anavala chipewa, n'kuchivulanso. Nasingano anamva mkono wa amayi uli pa wake, wopepuka ngati wa mwana, ndipo anayang'anitsitsa nyerere imene inkakwera pa mulu wa mchenga.

"Pepani, bambo," alamu anauza mmisiri. "Ndakulalatirani pachabe." Kenaka nkhope inasinthanso. "Koma a khonsolo salota. Alipo anakanena. Ndipo ndikumudziwa. Ndi mayi wa pagolosale uja. Chiyambire pamene ndinaimika thiraki kutsogolo kwa sitolo yake sandipatsa moni."

"Mulibe umboni, bambo," anatero Mzime.

"Umboni wa chiyani? Mfiti imadziwika ndi maso."

Nasingano anayang'ana kumbali.

"Tiyeni, amayi, dzuwa lakula," anatero.

Masiku otsatirawo makina sanalire bwino. Ankasoka mzere, n'kuuphwasula. Akakweza maso, mtanda wofiira unali pomwepo. Amayi anasiya kupempha ndodo. Ankangokhala pabedi kuyang'ana khomalo, nthawi zina n'kunena okha kuti, "Ndawonongetsa chuma cha ana." Kumsewu nkhani inali itafala. Akazi ena anasiya kugula pagolosale paja, ndipo ana a Mzime anauzidwa kuti asapondekonso. Nasingano atapita kukagula sopo anapeza mayi wa pagolosaleyo ali yekha, maso ofiira.

"Anasingano, inu mumandidziwa. Ine ndingapite kukhonsolo? Ngakhale khomo lake sindilidziwa." Anamuwonjezera kachidutswa ka sopo pamwamba. "Aka n'kochapira za agogo. Muwapatse moni."

Madzulo amenewo amuna ake anakhala pakhonde akumata chubu cha njinga. Anayankhula osakweza mutu.

"Tsiku munakapereka mayunifolomu lija munachedwa."

"Basi inavuta."

"Mwina inavutadi." Anapaka guluu, n'kuuzira. "Ine sindinena kanthu kwa munthu, mayi. Si nkhani yanga. Koma ndimakumvani mukamapemphera. Masiku ano mukumangogwada, mawu osatuluka."

"Madzi akatayika saoleka, bambo. Ndikanena, khoma liima?"

"Siliima."

"Ndiye phindu lake n'chiyani? Ndingotaya mng'ono wanga, ndi amayi omwe."

"Mwina. Koma pakali pano akusenza ndi mayi wa pagolosale, ndi amayi anu m'chipindamo. Katundu ndi wanu, onyamula ndi ena."

Nasingano analowa m'nyumba.

Tsiku logwetsa linali Loweruka. Kumwamba kunali mitambo yolemera. Mmisiri anabwera ndi hamala yaikulu, n'kuyamba wayala malata akale pamwamba pa masamba amene Nasingano anadzala m'mbali mwa mpanda kuti zidutswa zisawaphwanye. Anthu anaima m'mbali mwa msewu, manja kumbuyo. Amayi anakana kutsala m'nyumba.

"Ndinalimangitsa ndine. Ndilione likugwa."

Anawaikira mpando pafupi ndi chipata. Mzime anazungulira n'kudzaima pambali pa mkulu wake, n'kumugwira chala ngati mmene ankachitira ali wamng'ono.

"Achemwali, ndili ndi pempho. Kukumba maziko mvula ili mkati sizitheka, akuti tidikire dzinja lithe. Amayi akhalebe kwanu. Ndikudziwa kuti takulemetsani. Ndasintha mashifiti, ndizibwera m'mawa kudzawasambitsa ine, inu muzipumitsa msana." Anapukuta m'maso. "Ndipo mutikhululukire. Tinakubisirani, tinakutchingirani dzuwa, inu osadandaula kwa munthu. Ena akanakhala inu bwenzi atathamangira kukhonsolo kalekale."

Chimene Nasingano ankafuna chija chinali chitabwera chokha m'manja. Amayi sakusamuka.

Hamala yoyamba inagunda. Njerwa ya pamwamba inasweka pakati, fumbi lofiira n'kukwera. Amayi anatseka maso. Yachiwiri inagwetsa mzere wonse wa pamwamba pa zenera. Pamenepo mayi wa pagolosale anatulukira pangodya, atanyamula kreti ya mabotolo pamutu, akufuna kungodutsa. Alamu anamuona.

"Eya, mwabwera kudzaonera? Imani pomwepo, mayi, muone bwino ntchito ya manja anu! Nkhalamba iyi ikulira chifukwa cha inu. Mwakhuta tsopano?"

"Ine sindinachite, bambo, Mulungu akuona!"

"Musatchule Mulungu ndi pakamwa pa njoka!"

Anthu anayamba kung'ung'udza. Wina anaseka. Mayiyo anaima pakati pa msewu, kreti ikugwedera pamutu, mabotolo akulira.

"Alamu, musiyeni."

Mawu a Nasingano anatuluka aang'ono, moti anamva ndi Mzime yekha. Nasingano anachotsa chala chake m'dzanja la mng'ono wake, n'kuyenda mpaka pakati pa bwalo, pomwe panali zidutswa za njerwa. Mmisiri anatsitsa hamala.

"Ndati musiyeni mayiyo. Sanapite kukhonsolo. Ndinapita ndine."

"Achemwali, mukuti chiyani?"

"Ndinapita ndine, Mzime. Ndi miyendo yangayi. Anandifunsa ngati ndinu achibale, ndinati ndinu oyandikana nawo chabe. Sichinali chifukwa cha dzuwa, kapena moto, kapena lamulo. Sindinafune kuti amayi akakondwe kwa iwe. Atalemba mtanda uja ndinasangalala, ndinaimba nyimbo."

Alamu anali kukamwa yasa. Kumsewu munthu wina anathandiza mayi wa pagolosale kutula kreti. Amayi anatsegula maso n'kumuyang'ana mwana wawo woyamba nthawi yaitali, ndipo Nasingano anaona kuti sakudabwa kwenikweni, angotopa.

Anagwada pa zidutswa zija, njerwa zikumulasa m'mawondo, n'kukweza mawu kuti afike mpaka kumsewu.

"Mayi a pagolosale, ndinakusiyani musenze manyazi anga. Bambo mmisiri, ntchito ya manja anu ikugwa chifukwa cha ine. Alamu. Mzime, mwana wa amayi anga. Amayi, munkafuna kukhala pafupi ndi ine, ndakugwetserani chipinda. Ndilibe choti ndibweze. Ndikhululukireni."